Mantha a Mimba Yoyamba: Kubisa kapena Kuulula?

Chichewa chili ndi mawu angapo otchulira mayi amene watenga pathupi, ndipo mawu aliwonse ali ndi phunziro lake. Ena amati ndi woyembekezera, poganizira mwana amene akudzayo. Ena amati ndi wodwala, ngakhale mayiyo akulima, kusinja ndi kutunga madzi monga mwa masiku onse. Koma mawu olemera koposa ndi akuti wapakati, amene akuluakulu amawamasulira kuti mayi wotere waima pakati pa moyo ndi imfa. N'chifukwa chake nthawi yobereka ikakwana amati matenda ayamba, ndipo mwana akabadwa bwino uthenga umene umapita kwa abale ndi wakuti uje wachira. Chiyankhulo pachokha chimavomereza kuti kubereka ndi ulendo woopsa.

Ngati zili choncho, palibe chodabwitsa kuti mayi wa mimba yoyamba amakhala ndi mantha. Funso lovuta likugwera anthu amene amuzungulira: amayi ake, apongozi, anankungwi, mwamuna wake ndi anamwino. Kodi iwowa amubisire zimene zili kutsogolo kuti mtima wake ukhale m'malo, kapena amuululire zoona zonse ngakhale zina zili zoopsa? Mbali zonse ziwiri zimati zikuchita chifundo. Tsono nkofunika kupenda bwino kuti chifundo chenicheni chili kuti.

Poyamba nkoyenera kuona kumene manthawa amachokera. Mayi amene adaberekapo amaopa zimene akuzidziwa, pamene wa mimba yoyamba amaopa zimene sadazionepo. Sadziwa kuti ululu udzafika pati ndipo udzatha liti. Sadziwa ngati adzazindikira kuti matenda ayambadi. Amadzifunsa ngati mwana adzabadwa wamoyo ndi wa ziwalo zonse, ndiponso ngati iye mwini adzadzuka pamphasapo. Pamwamba pa izi pali nkhawa za pakhomo: ndalama ya galimoto ikachitika usiku, zitenje zofundika mwana, munda umene udzasowa woulimira. Palinso mantha a manyazi, akuti mwina adzalira kapena kuchita zosayenera pamaso pa apongozi, dzina lake n'kuipa m'mudzi.

Mantha amenewa si opanda pake. Kafukufuku wa za chiwerengero cha anthu ndi umoyo wa m'chaka cha 2000 adasonyeza kuti m'Malawi amayi 1,120 ankamwalira pa zifukwa za uchembere mwa ana 100,000 aliwonse obadwa amoyo. Chiwerengerochi chidatsika kufika pa 984 mu 2004, pa 675 mu 2010 ndi pa 439 pa kafukufuku wa 2015 ndi 2016. Kutsikaku n'kwakukulu, komabe mtsikana wokulira m'mudzi safunika mabuku kuti adziwe za ngoziyo, pakuti adamvapo za mkazi wina amene adapita kukachira koma osabwerera. Manambala omwewa ali ndi nkhope ina yotonthoza. Ngakhale m'chaka choipa chija cha 2000, pa amayi 100 aliwonse obereka pafupifupi 99 ankatuluka amoyo. Zoona zake zonse n'zakuti ngozi ilipodi, koma amayi ochuluka zedi amachira bwino. Amene anena mbali imodzi yokha ya zimenezi wanena bodza.

Makolo sadalekerere mayi wa mimba yoyamba kuti alimbane yekha ndi nkhawa zake. Achewa ali ndi chinamwali cha chisamba, ndipo Ayao ali ndi litiwo, miyambo imene imachitika pa mimba yoyamba. Anankungwi ndi amayi ena amene adaberekapo amasonkhana, kumulangiza za kasamalidwe ka thupi, za zizindikiro zakuti nthawi yakwana ndi za makhalidwe oyenera pa tsikulo. Mwamuna nayenso amauzidwa za udindo wake. Nzeru ya mwambowu ndi yozama, pakuti umazindikira kuti kubereka kumafuna mtima wokonzeka monga momwe kumafunira thupi lamphamvu. Mtsikana amatuluka pamenepo akudziwa kuti amayi onse amene amuzungulirawo adawoloka mtsinje womwewo ndipo ali moyo.

Komatu m'chikhalidwe chomwecho muli zina zimene zimadyetsa mantha m'malo mowachepetsa. Nkhani za kubereka ndi chinsinsi cha ntchembere, kotero mtsikana amakula osauzidwa kanthu mpaka mimba itaoneka. Malangizo ambiri amadza ngati zoletsa zokhala ndi chiopsezo kumapeto: asaime pakhomo kuopa kuti mwana angadzaime panjira, asadye mazira kuopa kuti mwana angadzabadwe wopanda tsitsi, asaulule msanga za mimbayo kuopa kuti adani angaimange. Amauzidwanso kuti kulira pobereka n'kuchititsa mtundu manyazi. Choopsa koposa ndi chikhulupiriro cha mapinga, chakuti matenda akatalika ndiye kuti mkazi kapena mwamuna adayenda njira zosayenera, ndipo mwana sangabadwe kufikira wolakwayo ataulula. Pa nthawi imene mayi akusowa womulimbikitsa, amasanduka woimbidwa mlandu.

Amene amati wapakati asauzidwe zambiri ali ndi mfundo zosayenera kuzinyoza. Iwo amati mawu ali ndi mphamvu, ndipo ukatchula mkango kwera m'mwamba. Amati mtsikana amene wamva za kutaya magazi, kukomoka ndi opaleshoni sagonanso tulo, ndipo amafika pa tsikulo atalefuka kale. Sayansi ikuwavomereza pang'ono. Dokotala wina wa ku Britain, Grantly Dick-Read, adalemba buku mu 1933 m'mene adafotokoza kuti mantha amaumitsa minofu, kuuma kwa minofu kumawonjezera ululu, ndipo ululuwo umabalanso mantha ena. Masiku ano zikudziwika kuti chiberekero chimagwira ntchito motsogozedwa ndi michere ya m'thupi yotchedwa oxytocin, ndipo munthu akachita mantha kwambiri thupi limatulutsa adrenaline, imene ingathe kufooketsa ntchitoyo matenda n'kutalika. Motero mantha opitirira muyeso sathera mumtima mokha, amafika mpaka m'chiberekero.

Mfundoyi ndi yoona, koma sikutsimikiza zimene oinenawo akufuna. Dick-Read mwiniwakeyo adaphunzitsa kuti mankhwala a mantha ndiwo kudziwa, ndipo adalimbikitsa kuti amayi aphunzitsidwe za matupi awo, za kapumidwe ndi za kumasula thupi. Kubisa sikuchotsa mantha ayi. Munthu woyenda mumdima amaona chitsa ngati fisi. Mtsikana amene amayi ake sadamuuze kanthu sakhala wopanda nkhani. Amazitola kumjigo, kumsika, kwa anzake osadziwa ngati iye yemwe, ndiponso masiku ano pa foni. Nkhani zimene zimayenda msanga m'malo otere ndi zoopsa zokhazokha, chifukwa palibe amene amataya nthawi kusimba za mayi amene adachira popanda chovuta. Choncho kukhala chete kwa akuluakulu kumasiya mtsikanayo m'manja mwa mphekesera.

Pali chifukwa china chachikulu chimene kubisa kulili kulakwa. Akatswiri awiri, Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine, adafotokoza mu 1994 kuti amayi ambiri amafa chifukwa cha kuchedwa kutatu: kuchedwa kuganiza zopita kuchipatala, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kulandira thandizo atafika. Kuchedwa koyambako kumachitikira m'nyumba, ndipo kawirikawiri kumayamba ndi kusadziwa. Mayi amene sadauzidwe kuti mutu waukulu wodza ndi kusaona bwino komanso kutupa kwa nkhope ndi manja ndi chizindikiro cha kuthamanga kwa magazi, adzangomanga duku mwamphamvu n'kugona. Amene sadauzidwe kuti kutaya magazi, kutentha thupi, kusweka kwa nsupa nthawi isanakwane, kapena mwana kusiya kusewera m'mimba ndi zifukwa zothamangira kuchipatala, adzadikira kuti kuche. Amene adaphunzitsidwa kuti mkazi weniweni sadandaula adzabisa zimene akumva. Mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Apa zikuoneka kuti mantha ali m'mitundu iwiri. Alipo mantha opanda maso, amene sadziwa chimene akuopa, ndipo amangofooketsa mwiniwake. Aliponso mantha openya, amene amadziwa mdani ndi dzina lake, ndipo amachititsa munthu kukonzeka. Katswiri wakale wa ku Greece, Aristotle, adaphunzitsa kuti kulimba mtima kuli pakati pa zoipa ziwiri, zomwe ndi mantha opitirira ndi kusaopa kanthu kalikonse. Kwa iye wolimba mtima ndi amene amaopa zoyenera kuopedwa, pa mlingo woyenera, nachitabe zimene ayenera kuchita. Mayi amene akuti sakuopa chilichonse, nakana kupita kusikelo, sali wolimba mtima kuposa mnzake amene akunjenjemera koma wamanga kale katundu wake. Mantha a wapakati si ufooko, ndipo cholinga cha omulangiza chisakhale kuwazula onse. Ntchito yawo ndiyo kusandutsa mantha akhunguwo kuti akhale openya.

Nanga zoona zimene mayi wa mimba yoyamba ayenera kuuzidwa ndi ziti? Ayenera kudziwa kuti mimba imatenga masabata pafupifupi 40, ndipo tsiku limene adalemberedwa kusikelo ndi longoyerekeza, pakuti ana ambiri amabadwa masiku angapo lisanafike kapena litapita. Ayenera kudziwa kuti m'miyezi yomaliza mimba imauma nthawi zina popanda kukhala matenda enieni, ndipo matenda enieni amadziwika ndi ululu wobwera motsatana, womka nukula ndi kuyandikana. Ayenera kudziwa kuti khomo la chiberekero limatseguka pang'onopang'ono mpaka masentimita 10, ndipo pa mimba yoyamba zimenezi zimatenga nthawi yaitali kuposa pa mimba zotsatira. Malangizo a bungwe la za umoyo padziko lonse, la WHO, a m'chaka cha 2018 amati kuchokera pa masentimita 5 kufika pa 10 nthawi zambiri sipapitirira maola 12 kwa mayi wobereka koyamba. Mayi wodziwa izi sangaganize kuti walodzedwa kapena kuti mwamuna wake adamupinga poona kuti dzuwa lalowa mwana asanabadwe. Sangalolenso kumwetsedwa mankhwala ofulumizitsa matenda monga mwanamphepo, amene madokotala amachenjeza kuti angathe kung'amba chiberekero.

Ayeneranso kuuzidwa kuti ululu ulipo ndithu, koma umabwera n'kuleka, ndipo pakati pake pamakhala mpata wopuma. Ayenera kumva kuti kubuula si mlandu. Ayenera kudziwa kuti mwana akagona mopingasa, kapena njira ikachepa, opaleshoni ndiyo imapulumutsa miyoyo iwiri, ndipo wochira mwa njira imeneyi si waulesi monga ena amanenera. Mayi amene wamva za opaleshoni mtima uli m'malo sangakane kapena kuthawa pamene mphindi iliyonse ili yofunika.

Komabe kunena zoona kuli ndi luso lake, ndipo apa ndi pamene otsutsa aja ayenera kumveredwa. Zoona zoponyedwa ngati mwala zimavulaza. Ntchembere imene imasimba mavuto a uchembere wake mokometsera, pofuna kuoneka ngwazi pamaso pa mtsikana, sikumuphunzitsa kanthu. Ikungomusenzetsa katundu wake. Chiopsezo chilichonse chimene wapakati wauzidwa chiyenera kudza ndi chochita chake: ukaona chakuti, pita kwakuti, uuze uje. Chiyeneranso kudza nthawi ikadalipo. Mu 2016 bungwe la WHO lidalangiza kuti mayi woyembekezera azionana ndi azaumoyo kasanu ndi katatu m'malo mwa kanayi, kuyambira m'miyezi itatu yoyamba. Maulendo amenewa si oyeza thupi ndi kulandira mankhwala a malungo ndi owonjezera magazi chabe. Ndi mpata wakuti mayi afunse, pakuti safunsa adadya phula. Koma adzafunsa pokhapokha womuyankhayo akaonetsa nkhope yolandira funso.

Kukonzeka kwa mtima kumathandizidwanso ndi ntchito za manja. Mayi amene wasunga zitenje, beseni ndi zina zimene adauzidwa kusikelo, amene akudziwa njinga kapena galimoto imene idzamutenge, amene wapangana ndi womuperekeza, wachotsa kale nkhawa zingapo pamtima pake. Amene akukhala kutali ndi chipatala angathe kupita kuchidikiro nthawi isanakwane, ndipo kumeneko amapeza amayi anzake ogawana nawo nzeru. Zinthu zazing'ono zotere zimapatsa munthu mphamvu pa zimene angathe kuzilamulira, ndipo zotsalazo zimacheperako kuopsa.

Kudziwa pakokha sikukwanira. Munthu angathe kudziwa njira yonse koma n'kuopabe kuiyenda yekha usiku. Mu 1980 madokotala ena, mwa iwo John Kennell ndi Marshall Klaus, adafalitsa zotsatira za kafukufuku amene adachitika m'dziko la Guatemala pakati pa amayi obereka koyamba. Amayi ena adasiyidwa okha monga mwa chizolowezi cha chipatalacho, pamene ena adapatsidwa mkazi wongokhala nawo, kuwagwira dzanja, kuwasisita msana ndi kuwayankhula. Amene adali okha adatenga maola pafupifupi 19, pamene amene adali ndi owaperekeza adatenga maola pafupifupi 9. Owaperekezawo sadali madokotala ndipo sadapereke mankhwala alionse. Kafukufuku wina wambiri adatsatira, ndipo malangizo a WHO a 2018 aja amati mayi aliyense aloledwe kukhala ndi munthu amene wamusankha yekha pa nthawi yobereka. Makolo adanena kale kuti kuyenda awiri si mantha.

Mfundoyi ikupereka udindo waukulu kwa mwamuna. Kwa zaka zambiri amuna akhala akuona uchembere ngati nkhani ya akazi, iwo n'kumadikira uthenga pabwalo. Koma nkhawa zambiri za wapakati zili m'manja mwa mwamuna. Ndiye angasunge ndalama ya ulendo, kumuchepetsera ntchito zolemetsa, kumuperekeza kusikelo ndi kukayezetsa naye magazi. Mkazi amene akumenyedwa, kapena amene mwamuna wake wakana mimba, amasenza mantha awiri nthawi imodzi. Mnyamata amene wapereka mimba n'kuthawa asadzinamize kuti wangothawa udindo wogula zovala, pakuti wasiya mnzake pakati pa mtsinje.

Udindo wina uli kwa azaumoyo ndi atsogoleri. Mu 2007 boma la Malawi lidaletsa azamba a m'midzi kubereketsa amayi, ndipo ngakhale Pulezidenti Bingu wa Mutharika adafewetsa chiletsocho mu 2010, ntchito yolimbikitsa amayi kuchirira kuchipatala idapitirira. Mafumu ambiri adaika malamulo olipitsa ochirira pakhomo, ndipo mu 2012 Pulezidenti Joyce Banda adakhazikitsa ndondomeko ya uchembere wabwino. Pofika pa kafukufuku wa 2015 ndi 2016, ana 91 mwa 100 aliwonse ankabadwira m'chipatala. Ichi n'chipambano. Koma mayi amene wapita kuchipatala poopa chindapusa, nakapeza mawu aukali, wangosinthanitsa mantha ena ndi ena. N'zoona kuti anamwino ndi ochepa ndipo ntchito imawachulukira, mwina mmodzi kuyang'anira amayi ambiri usiku wonse. Komabe kufotokozera mayi chimene akuchitidwa, kumupempha chilolezo asanamuyeze, ndi kumutchula mwaulemu sizifuna ndalama za boma. Mayi amene adanyozedwa pa mimba yoyamba amachedwa dala pa yachiwiri, ndipo amauza anzake kuti achite chimodzimodzi.

Nthawi zina nkhawa imakula mpaka kusanduka matenda. Bungwe la WHO lidanenapo kuti padziko lonse amayi oyembekezera pafupifupi 10 mwa 100 aliwonse amakhala ndi vuto la maganizo, makamaka kukhumudwa kwakukulu, ndipo m'maiko osauka chiwerengerocho n'chokwererapo. Mayi amene kwa masabata angapo sakugona, sakudya, akungolira, kapena akunena zofuna kudzipha, sakuchita matama ndiponso sadagwidwe ndi mizimu. Akudwala, ndipo ayenera kuperekezedwa kuchipatala monga momwe angaperekezedwere wa malungo. Kumuuza kuti angolimba mtima kuli ngati kuuza wothyoka mwendo kuti athamange.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri achinyamata. Kafukufuku wa 2015 ndi 2016 uja adapeza kuti atsikana 29 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19 adali atabereka kale kapena adali ndi pakati. Kwa mtsikana wamng'ono mantha amakula kawiri, chifukwa thupi lake silinakhwime ndipo ngozi ya matenda otalika ndi fistula ndi yaikulu, komanso amaopa makolo, aphunzitsi ndi miseche ya m'mudzi. Ambiri amabisa mimba pomanga mimbayo ndi nsalu, osaponda kusikelo mpaka mochedwa. Njira yabwino ndiyo kupewa mimba zotere, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko adasinthidwa kuti ukwati uziyambira pa zaka 18. Koma mimba ikachitika, madzi akatayika saoleka. Chilango cha mawu sichingaibweze, chingangomuthamangitsira mtsikanayo kumalo kumene angafere.

Pomaliza, funso lija la kubisa kapena kuulula lili ndi yankho lake. Wobisa amateteza mtendere wa lero pogulitsa chitetezo cha mawa, ndiponso amachotsera mayi ulemu wake pomuyesa mwana wosatha kusenza zoona za thupi lake lomwe. Woulula mwankhanza naye amalakwa, chifukwa amaonetsa mkango koma osaloza mtengo wokwerapo. Chifundo chenicheni ndicho kunena zoona zonse, zoopsa ndi zotonthoza zomwe, pa nthawi yabwino, pamodzi ndi chochita chake, kenaka osachokapo. Anankungwi ali ndi mawu amene atsikana amawamvera, anamwino ali ndi nzeru za thupi, ndipo mwamuna ndi abale ali ndi manja othandiza. Onsewa akagwirizana, mayi wa mimba yoyamba adzakhalabe ndi mantha, pakuti ndi munthu, koma adzadziwa choti achite ndi woti amuitane matenda akadzayamba pakati pa usiku.